Mafomu a CASP: amaphunzitsa kufunsa, koma amakhulupirira kwambiri pepala

Ndine namwino, ndipo ntchito yanga yaikulu masiku ano ndi kuphunzitsa anamwino ndi azamba amene abwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro. Ntchito ya m'wodi amaidziwa bwino, ena kuposa ine. Koma ukawapatsa pepala la kafukufuku wa mankhwala, ambiri amawerenga chidule cha pamwamba, n'kudumphira pa ndime yomaliza, kenaka n'kunena kuti "akuti mankhwalawa amagwira." Pofuna kuthetsa chizolowezi chimenechi ndimayamba ndi mafomu a CASP. Ndawagwiritsa ntchito mokwanira moti ndikudziwa pamene ali ndi mphamvu komanso pamene amamusiya munthu panjira, ndipo ndinena zonse ziwiri, chifukwa amene amawayamikira kawirikawiri mbali yachiwiriyi saitchula.

CASP ndi chidule cha Critical Appraisal Skills Programme. Inayambira ku Oxford m'chaka cha 1993, ndipo mafunso ake oyamba anachokera pa nkhani zimene magazini ya JAMA inkatulutsa m'zaka zimenezo pophunzitsa madokotala kuwerenga kafukufuku. Ena mwa olemba nkhanizo anali Gordon Guyatt ndi David Sackett. Pa webusaiti yawo pali mafomu osiyanasiyana: ya randomised controlled trial (mwachidule trial, kafukufuku woyesa mankhwala pogawa odwala m'magulu mwa maere), ya systematic review (kafukufuku wosonkhanitsa ndi kuunika ma trial onse a funso limodzi), ya cohort, ya case control, ya kafukufuku wofunsa anthu maganizo awo, ya njira zoyezera matenda, ndi zina. Zonse n'zaulere, ndipo mukhoza kusindikiza n'kugawira kalasi yonse bola musagulitse. Ine pano ndikamba za ziwiri zokha, ya trial imene inatuluka mu 2020 ndi ya systematic review ya 2018, chifukwa ndi zimene ophunzira anga amabwera nazo kwambiri. Mafomuwa amakonzedwanso nthawi ndi nthawi, choncho muziyang'ana chaka chimene chalembedwa pa imene mwatenga.

Fomu ya trial ili ndi mafunso 11 m'zigawo zinayi. Chigawo choyamba chimafunsa ngati kafukufukuyo anamangidwa bwino kuchokera pamaziko, chachiwiri ngati anayendetsedwa bwino, chachitatu zimene anapeza, chomaliza ngati zimene anapezazo zingathandize odwala amene inu mumawasamalira. Funso lililonse lili ndi mabokosi atatu, Yes, No ndi Can't tell, ndipo pansi pake pali timizere tokukumbutsani zoyenera kuyang'ana. Chingerezi chake n'chosavuta. Munthu amene sanaphunzirepo masamu a kafukufuku akhoza kuyamba nayo tsiku lomwelo, ndipo chimenechi sichinthu chaching'ono, chifukwa zida zina zowunikira kafukufuku zimafuna kuti muyambe mwawerenga buku lonse la malangizo musanachonge bokosi loyamba.

Funso loyamba ndi losavuta koma limagwira ntchito. Limakuuzani kuti mutchule anthu amene anayesedwa, chimene anapatsidwa, chimene anachiyerekeza nacho, ndi chimene ankayeza. Wophunzira wina anabwera m'kalasi ndi kapepala kokongola kamene wogulitsa mankhwala a kampani ina anasiya pa wodi yawo, konena kuti mankhwala atsopano a zilonda amachiza msanga. Titafunsa funso loyamba lokha, tinapeza kuti mankhwalawo anawayerekeza ndi kungotsuka chilonda ndi madzi a mchere, osati ndi mankhwala amene wodiyo inkagwiritsa ntchito kale. Tinapezanso kuti chimene ankayeza chinali kuchepa kwa kukula kwa chilonda pakatha milungu ingapo, osati kuchuluka kwa zilonda zimene zinapoleratu. Sitinafunikire n'komwe kufika pa funso lachiwiri.

Funso lachiwiri ndi limene ndimakhalapo nthawi yaitali, ndipo dandaulo langa loyamba lili pomwepa. Limafunsa ngati odwala anagawidwa m'magulu mwa maere. Pansi pake, m'tizilembo tating'ono, ndi pamene pali chikumbutso choti muone mmene maerewo anachitikira ndiponso ngati mndandanda wake unabisidwa kwa anthu amene ankalemba odwala. Wophunzira akangoona mawu akuti randomised pamutu wa pepala, dzanja limathamangira pa Yes, tizilembo tija osatiwerenga. Komatu kubisa mndandanda ndi nkhani ina payokha, ndipo ndi yaikulu. Taganizirani namwino amene akulemba odwala, ndipo akudziwa kuti wotsatira alowa m'gulu la mankhwala atsopano. Patsogolo pake pali wodwala wofooka kwambiri, wooneka kuti mankhwala aliwonse samuthandizanso. Namwinoyo akhoza kumuchedwetsa pang'ono, kapena kuona kuti sakukwanira pa zofunikira, kuti malowo apite kwa wina wooneka wolimbako. Palibe amene wanama, mwina iyeyo sakudziwa n'komwe kuti wachita zimenezo, koma gulu la mankhwala atsopano ladzaza ndi anthu amene akanachira ngakhale popanda mankhwalawo.

Zimenezi zinayezedwapo. Mu 1995 Kenneth Schulz ndi anzake anawunika ma trial 250 a m'ma meta-analysis 33 (meta-analysis ndi kuphatikiza manambala a ma trial angapo kuti apereke yankho limodzi), ndipo anapeza kuti pamene mndandanda sunabisidwe bwino, mphamvu ya mankhwala inkaoneka yokulirapo ndi 41 peresenti. Pamene pepala silinafotokoze bwino za kubisako, inkakulirapo ndi 30 peresenti. Pamene odwala ndi madokotala ankadziwa mankhwala amene aperekedwa, inkakulirapo ndi 17 peresenti. Onani manambalawo: kubisa mndandanda kunaposa blinding (kubisira odwala ndi madokotala mankhwala amene aperekedwa), komabe pa fomu ya CASP blinding ili ndi funso lake lonse la magawo atatu, pamene kubisa mndandanda kwangokhala chikumbutso cha pansi. Schulz yemweyo analembaponso za anthu amene ankaunikira maenvulopu a maere pa getsi lowala kuti aone zimene zili m'kati asanatsegule. N'chifukwa chake ine ndimauza ophunzira kuti funso lachiwiri aligawe pawiri ndi cholembera, ndipo ayankhe mbali iliyonse payokha. Ndimafuna kuona mawu enieni ochokera m'pepala: kodi maere ankachitika pa kompyuta yakutali wodwala atalembedwa kale? Ngati anali maenvulopu, kodi anali a nambala, omata, osaonekera m'kati?

Kuti muone mmene fomuyi imayendera pa pepala lenileni, nayi trial imene ndimaigwiritsa ntchito m'kalasi, ya dexamethasone ya RECOVERY, imene inachitika m'zipatala za ku United Kingdom mu 2020 kwa odwala COVID-19 ogonekedwa. Odwala 2,104 anapatsidwa dexamethasone wa 6 mg kamodzi patsiku mpaka masiku 10, ndipo 4,321 analandira chithandizo cha nthawi zonse. Maere ankachitika pa intaneti, ndiye funso lachiwiri likudutsa mbali zonse. Tikafika pa funso lachinayi, la blinding, yankho ndi No: odwala ankadziwa, madokotala ankadziwa, panalibe placebo (mankhwala ongofanizira, opanda mphamvu). Apa nkhope za ophunzira zimagwa, ena amafuna kulitaya pepalalo. Ndimawafunsa kuti chimene ankayeza chinali chiyani. Chinali imfa pofika tsiku la 28. Dokotala amene akukhulupirira mankhwala akhoza kulemba kuti ululu wachepa pamene sunachepe kwenikweni, koma sangalembe kuti womwalira ali moyo. Ndiye No wa pa RECOVERY salemera ngati No wa pa trial yoyeza ululu kapena tulo. Fomu yokha sinena zimenezi momveka bwino. Mphunzitsi ndiye ayenera kuzinena, kapena mnzanu amene mukuwerenga naye.

Funso lachisanu, lofunsa ngati magulu anali ofanana poyamba, limapeza kanthu kosangalatsa pa pepala lomweli. Mwangozi chabe, a m'gulu la dexamethasone anali okulirapo msinkhu ndi chaka chimodzi ndi pang'ono, ndipo popeza pa matendawa msinkhu umakhudza kwambiri imfa, ofufuzawo anawerengera kusiyanako m'masamu awo n'kunena poyera kuti achita zimenezo. Wophunzira akazipeza yekha zimenezi pa tebulo loyamba la pepala, amayamba kuliona tebulolo mosiyana kwa moyo wake wonse.

Kenaka zotsatira. Anamwalira 22.9 peresenti m'gulu la dexamethasone ndi 25.7 peresenti m'gulu linalo. Rate ratio (imfa za gulu la dexamethasone poyerekeza ndi za gulu linalo) inali 0.83, confidence interval (malire amene nambala yeniyeni ikuyembekezeka kukhalamo) kuyambira 0.75 mpaka 0.93, osadutsa pa 1, nambala imene imatanthauza kuti palibe kusiyana. Funso lachisanu ndi chiwiri limakukumbutsani kuyang'ana manambala enieni pambali pa ma ratio, ndipo apa ndimaliyamikira kwambiri, chifukwa kapepala ka malonda kakanangolemba kuti imfa zachepa ndi 17 peresenti, pamene kusiyana kwenikweni ndi anthu pafupifupi atatu pa 100 alionse. Koma nkhani yeniyeni ili m'magulu ang'onoang'ono. Kwa amene anali pa makina opumira, anamwalira 29.3 peresenti poyerekeza ndi 41.4 peresenti, kutanthauza kuti mukapatsa odwala otere pafupifupi 8, mwapulumutsa mmodzi. Kwa amene anali pa okosijeni yekha, 23.3 ndi 26.2. Kwa amene sankafuna okosijeni n'komwe, 17.8 peresenti anamwalira m'gulu la dexamethasone ndi 14.0 m'gulu linalo. Confidence interval ya gulu lomalizali inadutsa pa 1, choncho sitinganene motsimikiza kuti mankhwalawo anawavulaza, koma phindu silinaoneke. Amene anangowerenga mutu wa nkhani n'kumapatsa dexamethasone aliyense wa chifuwa ndi malungo anachita zimene pepalalo silinanene.

Chinthu china chimene CASP inachita bwino n'chakuti salimbikitsa kupereka malikisi. Ophunzira amafuna kwambiri kuwerengera ma Yes n'kunena kuti pepala lapeza 9 pa 11, ndipo ndaona malipoti ambiri amene anachita zimenezi. Musatero. Mu 1999 Peter Jüni ndi anzake anatenga njira 25 zoperekera malikisi n'kuziyesa pa ma trial 17 omwewo a heparin. Njira zina zinasonyeza kuti m'ma trial "abwino" heparin watsopano saposa wakale, zina zinasonyeza zosemphana. Ma trial anali omwewo, chimene chinasintha yankho chinali njira yowerengera malikisi. No mmodzi pa malo oyipa, monga theka la odwala kusowa osadziwika kumene anapita, amagwetsa pepala lonse ngakhale ma Yes atakhala khumi.

Bokosi limene ndimalikonda kwambiri ndi la Can't tell. Ophunzira amaliopa, amaona ngati kulichonga ndi kuvomera kuti sanamve phunziro. Ine ndimawauza kuti nthawi zambiri vuto silikhala lawo, limakhala la olemba pepala. Malamulo a kalembedwe ka trial alipo kale. Malamulowa, otchedwa CONSORT, ndi fomu imene inatuluka mu 1996, inakonzedwanso mu 2001 ndi 2010, ndipo ya 2010 ili ndi mfundo 25 pamodzi ndi chithunzi chosonyeza anthu angati anaitanidwa, angati analowa, angati anasiyira panjira ndi chifukwa chake. Mu 2025 inatulukanso yatsopano ya mfundo 30. Ndiye ngati pepala la zaka zaposachedwa silinena mmene mndandanda wa maere unabisidwira, olembawo analumpha chinthu chimene amayembekezeka kulemba. Koma chenjeraninso mbali inayi: CONSORT imayeza ngati zalembedwa, osati ngati zinachitika bwino. Trial yoyendetsedwa bwino ikhoza kulembedwa mosasamala, ndipo trial yoipa ikhoza kulembedwa mwaukhondo, mfundo zonse zili m'malo mwake. Ndaonapo anthu akugwiritsa ntchito CONSORT ngati chida choweruzira ubwino wa trial, ndipo siinapangidwire zimenezo.

Tsopano ndifike pa dandaulo langa lalikulu, limene landichititsa kulemba. Fomu ya CASP imaweruza pepala pogwiritsa ntchito zimene pepalalo lanena za ilo lokha. Pa mafunso onse 11 palibe limene ntchito yake yonse ndi kukutumani kunja kwa pepala kuti mukaone zimene ofufuza analonjeza kuyeza asanayambe. Ndipo chinyengo chofala kwambiri mu kafukufuku wa mankhwala chimabisala pomwepo. Ofufuza amayamba atanena kuti chachikulu chimene adzayeze ndi chakuti. Zotsatira zikabwera, chakuticho sichinasinthe, koma chinthu china chaching'ono pa zinthu makumi awiri zimene anayezanso chaoneka bwino. Polemba pepala, chaching'onocho chimakwezedwa kukhala primary outcome (chinthu chachikulu choyezedwa), chachikulu chija chimakankhidwira kumapeto kapena kuzimiririka. Wowerenga amene ali ndi pepala lokha m'manja sangadziwe. Adzachonga Yes pa funso lachisanu ndi chiwiri ndi mtima woyera, chifukwa zotsatira zalembedwa momveka bwino, ndi confidence interval yake yomwe.

Izi si nkhambakamwa. Mu 2004 An-Wen Chan ndi anzake anatenga ma protocol (mapulani olembedwa kafukufuku asanayambe) a ma trial 102 amene anavomerezedwa ndi makomiti a ku Copenhagen ndi Frederiksberg ku Denmark, n'kuwayerekeza ndi mapepala amene anasindikizidwa. Pa 62 peresenti ya ma trial amene anatha kuwayerekeza, primary outcome imodzi kapena zingapo zinali zitasinthidwa, kuwonjezeredwa kapena kuchotsedwa. Patapita zaka zoposa khumi, gulu la COMPare la Ben Goldacre ku Oxford linatsatira ma trial 67 amene anatuluka m'magazini asanu otchuka kwambiri a zachipatala, ndipo 9 okha ndi amene analemba zotsatira zawo ndendende monga analonjezera. Amenewa ndi magazini amene onse amavomereza CONSORT.

Chopweteka n'chakuti kufufuza zimenezi n'kosavuta. Kuyambira mu 2005 akonzi a magazini akuluakulu a zachipatala amafuna kuti trial ilembedwe mu kaundula isanayambe kulemba odwala. ClinicalTrials.gov inatsegulidwa mu 2000, palinso ISRCTN, Pan African Clinical Trials Registry ndi akaundula ena, ndipo WHO ili ndi malo amodzi ofufuzira onsewa. Nambala ya kaundula imakhala pansi pa chidule cha pepala. Mukaikopera pa webusaitiyo mumaona primary outcome imene inalembedwa, tsiku limene inalembedwa, ndipo pa ClinicalTrials.gov pali tsamba losonyeza kusintha kulikonse ndi deti lake. Ngati primary outcome inasinthidwa wodwala womaliza atamaliza kale kulandira mankhwala, mwapeza chinthu chimene mafunso 11 aja sakanakuonetsani. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchitoyi imafuna kuti mukhale pansi ndi mawindo awiri otsegula pa kompyuta, kaundula uku, pepala uku, mzere ndi mzere. Chida cha Cochrane (bungwe lochita ma systematic review) chowunikira ma trial, chotchedwa RoB 2, chimene chinatuluka mu 2019, chili ndi magawo asanu, ndipo limodzi lonse ndi la kusankha zotsatira zoti zilembedwe. Ndi chovuta kuchiphunzira, sindingachipereke kwa wophunzira tsiku loyamba, koma pa mfundo imeneyi chinaona patali.

Fomu ya systematic review ya mafunso 10 ndimaiona yofookerapo, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chitakula. Funso lachitatu limafunsa ngati mukuganiza kuti ma trial onse ofunika analowa, ndipo limakukumbutsa kuona ngati anafufuza m'madatabesi oyenera, ngati anafuna zosasindikizidwa, ndiponso ngati sanangotenga za m'Chingerezi zokha. Ndi funso loyenera. Koma wophunzira akaona kuti anafufuza mu MEDLINE, Embase ndi CENTRAL amakhutira, osazindikira kuti madatabesi amenewa amakhala makamaka ndi zimene zinasindikizidwa. Erick Turner ndi anzake anaonetsa kukula kwa dzenje limeneli mu 2008. Anatenga ma trial 74 a mankhwala a matenda a depression amene analembetsedwa ku FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku United States. Pa 38 amene FDA inaona kuti mankhwala anagwira, 37 anasindikizidwa. Pa 36 otsalawo, 22 sanasindikizidwe n'komwe, ndipo 11 analembedwa m'njira yooneka ngati mankhwala anagwira. Wowerenga magazini akanaona kuti 94 peresenti ya ma trial anayenda bwino, pamene kwa FDA anali 51 peresenti. Systematic review yofufuzidwa mwakhama m'madatabesi onse ikanatenga mbali yowala yokhayo n'kuiphatikiza mwaluso.

Funso lachisanu, lofunsa ngati kunali koyenera kuphatikiza zotsatira, limafuna kuti munthu adziwe kuwerenga forest plot (chithunzi chokhala ndi mzere wa trial iliyonse, ndi kadayamondi pansi kosonyeza zotsatira zophatikizidwa), ndipo fomu sikuphunzitsani zimenezo. Ophunzira anga amayang'ana kadayamondi ka pansi basi. Ine ndimawaphimbira kadayamondiko ndi chala kuti ayambe aona mizere ya pamwamba: ndi trial iti imene yatenga kulemera kwakukulu, kodi mizere yonse yapendekera mbali imodzi, kodi pali kamodzi kakang'ono kamene kali kutali kwambiri ndi anzake. Nkhani ya ivermectin pa COVID-19 ndi phunziro la zimenezi. Ma meta-analysis ena a mu 2021 anasonyeza kuti amachepetsa imfa kwambiri, koma phindu lalikulu linkachokera ku ma trial ochepa, makamaka imodzi ya ku Egypt imene inali isanawunikidwe ndi akatswiri ena. Mu July 2021 trial imeneyo inachotsedwa pa webusaiti ya Research Square pamene inaikidwa, anthu ataona kuti m'manambala ake munali odwala obwerezedwa ndi ena amene anamwalira kafukufuku asanayambe. Itachotsedwa pamodzi ndi zina zokayikitsa, phindu lija linachepa kwambiri, ndipo trial yaikulu ya TOGETHER ya ku Brazil, imene inasindikizidwa mu 2022, sinapeze kuti mankhwalawo amachepetsa kugonekedwa m'chipatala. Palibe fomu iliyonse, ya CASP kapena ina, imene inamangidwa kuti igwire manambala opeka. Zonse zimayamba ndi chikhulupiriro chakuti odwala olembedwawo analipodi.

Kwa amene akufuna kuweruza systematic review mozama ndimawatumiza ku AMSTAR 2 ya 2017, ya mfundo 16, imene imafunsa mwachindunji ngati njira zowunikira zinakhazikitsidwa ntchito isanayambe, ngati anthu awiri anasankha mapepala aliyense payekha, ngati pali mndandanda wa mapepala okanidwa ndi zifukwa zake, ndiponso amene anapereka ndalama za ma trial olowamo. Kaundula wa ma review, PROSPERO, alipo kuyambira 2011, ndipo PRISMA 2020 ya mfundo 27 ndiyo imanena zoyenera kulembedwa. Muziyang'ananso ngati olemba anagwiritsa ntchito njira yoyezera mphamvu ya umboni yotchedwa GRADE ponena mmene akukhulupirira zotsatira zawo, chifukwa mawu akuti low certainty (umboni wofooka) amasintha tanthauzo la chiganizo chonse.

Ndisamalize ngati munthu wongodandaula, chifukwa chigawo chomaliza cha CASP chili ndi chimene RoB 2 ndi AMSTAR 2 zilibe. Zida zimenezo zimakuuzani ngati kafukufuku ndi wodalirika, basi. CASP imakufunsani ngati odwala a m'kafukufuku akufanana ndi anu, ngati chimene anayeza n'chimene odwala anu amasamala nacho, ndiponso ngati phindu likuposa zoopsa ndi mtengo wake. Kwa namwino ili ndiye funso lenileni. Trial ya CAST inaimitsidwa mbali ina mu 1989 itapeza kuti encainide ndi flecainide ankakonzadi kagundidwe ka mtima pa makina, koma odwala ankamwalira ambiri kuposa a placebo. Chimene chinkaoneka bwino pa pepala la ECG sichinali chimene wodwala ankafuna.

Pa funso lakhumi ndimagwiritsa ntchito trial ya FEAST, ya Kathryn Maitland ndi anzake, imene inasindikizidwa mu 2011. Inachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana 3,141 otentha thupi kwambiri amene magazi awo sankayenda bwino. Ena anapatsidwa madzi ambiri mofulumira pa diripi, a albumin kapena a saline, ena sanapatsidwe madzi othamangitsawo. Pofika maola 48 anamwalira 10.6 peresenti a albumin, 10.5 peresenti a saline ndi 7.3 peresenti a gulu losalandira. Zinadabwitsa anthu ambiri, chifukwa kuthamangitsa madzi kunkaphunzitsidwa kwa zaka zambiri ngati njira yopulumutsira mwana wotere. Ophunzira akamva zimenezi ena amafulumira kunena kuti ndiye madzi othamangitsa ndi oipa kwa mwana aliyense. Pamenepo ndimawabweza pa funso lakhumi kuti awerenge amene sanaloledwe kulowa. Ana otsekula m'mimba sanalowe. Ana onyentchera kwambiri sanalowe. Opsa ndi moto ndi ovulala sanalowe. Oposa theka la amene analowa anali ndi malungo, ambiri magazi atachepa kwambiri, ndipo zipatalazo zinalibe makina opumira a ana. Mwana amene wauma thupi chifukwa chotsekula m'mimba akufunikabe madzi, FEAST sinanene kanthu za iye. Kuwerenga molakwika apa kukhoza kupha mwana mbali zonse ziwiri, ndipo ndi funso la CASP limene limamuimitsa wophunzira kuti awerenge mndandanda wa osaloledwa.

Ndiye ndani ayenera kuzitenga? Wophunzira amene akuyamba, gulu la ogwira ntchito limodzi limene limakumana kuwerenga pepala, kapena aliyense amene wapatsidwa kafukufuku ndi munthu wofuna kuti musinthe kachitidwe pa wodi. Njira imene ndaona kuti imapindulitsa ndi yoti anthu awiri adzaze aliyense payekha asanakambirane, chifukwa pamene asiyana ndi pamene pali phunziro, ndiponso yoti yankho lililonse likhale ndi nambala ya tsamba ndi mawu ochokera m'pepala pambali pake. Yes wopanda tsamba ine sindimuwerengera. Koma ngati mukulemba systematic review yanu yoti isindikizidwe, CASP siyokwanira kuweruzira ma trial olowamo. Phunzirani RoB 2, ngakhale ikutengereni nthawi.

Pa mafomu amene ndimagawa m'kalasi ndimalemba ndi dzanja mizere itatu pamwamba, wophunzira asanayambe funso loyamba: nambala ya kaundula ndi tsiku limene trial inalembetsedwa, primary outcome monga ilili mu kaundula, ndi amene anapereka ndalama pamodzi ndi mbali imene anatenga pa kusanthula manambala ndi kulemba. Akonzi a CASP akadzakonzanso fomu ya trial, ndikupempha kuti mizere imeneyi ikhale yosindikizidwa, ndipo kubisa mndandanda wa maere kupatsidwe funso lakelake.